Mlandu suola, koma wodwala ali pa rimandi amaola

Pali mawu amene amatuluka mosavuta m'makhoti mwathu, koma kuti achitike pamatha miyezi: "Woimbidwa mlandu apite kaye kuchipatala akamuyeze mutu." Majisitireti akatero amalemba, n'kusaina, n'kuitana mlandu wotsatira. Sanalakwe. Gawo 133 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu, limamuuza kuti akakayika ngati munthu akutsatira zomwe zikuchitika pa mlandu wake, aimitse kaye mpaka achipatala anenepo. Chomwe sichifunsidwa m'khotimo n'chakuti, nanga dizilo agula ndani?

Apolisi amati munthu akangolowa pa rimandi ndi wa andende. Andende amati ndalama zomwe alandira ndi za chimanga, nyemba ndi nkhuni, ndipo nazonso sizifika kumapeto kwa mwezi. Khoti limati ife ntchito yathu ndi kulamula basi. Achipatala amati bwerani nayeni, ndi omuperekeza, ndi mapepala ake. Onse anayi akunena zoona, ndipo munthu uja ali m'selo, akulankhula yekha.

Tiyerekeze kuti wamangidwa ku Chitipa ndipo lamulo lati akayezedwe ku Zomba Mental Hospital. Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 1,000. Kupita ndi kubwerera, galimoto ya boma imwa malita a dizilo oposa 200. Pafunika dalaivala ndi omuperekeza awiri, aliyense ndi alawansi ya masiku osachepera atatu. Akamusiya kumeneko, padzafunikanso ulendo wina wonga womwewo wokamutenga. Ofesi iliyonse yomwe ingatulutse ndalama zimenezi yaimitsa ntchito zake zina kwa milungu, ndiye n'zosadabwitsa kuti aliyense amadikira mnzake. Pomwe akudikirana, masiku 30 kapena 90 omwe lamulo limalola kusunga munthu mlandu wake usanayambe amadutsa, mboni zimasamuka, fayilo imasowa. Akuluakulu anati mlandu suola. Koma munthu wodwala amene sakulandira mankhwala amaola ndithu, ndipo akamafika kwa dokotala amakhala ataipiraipira kuposa tsiku lomwe anagwidwa.

Mfundo yanga ndi imodzi. Thandizo la matenda a maganizo kwa anthu omwe ali m'manja mwa apolisi, makhoti ndi ndende likhale ndi mwini wake mmodzi m'bajeti, mwiniyo akhale Unduna wa Zaumoyo, ndalama zake zilembedwe pamzere wakewake, ndipo ziyambire pa zinthu zotchipa zapakhomo: kuyeza munthu akangolowa, kumuyeza pafupi ndi khoti lake, mankhwala osadukiza, ndi kumupereka m'manja mwa chipatala cha kwawo akamatuluka. Za nyumba zatsopano zibwere pambuyo.

Kusakanikirana kwa ndende ndi matenda a misala sikwachilendo kuno. Malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni chinabwera mu 1953. Lamulo la Mental Treatment Act la 1948, lomwe dziko linayenda nalo zaka zoposa 70, linalembedwa ndi maganizo a kutsekera, osati kuchiritsa. Tinasiyanitsa nyumba ziwirizi, koma m'machitidwe ndende idakali wodi yaikulu ya odwala maganizo, yopanda anamwino okwanira.

Kukula kwa vutoli tingakuyerekeze. Kafukufuku wamkulu yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2002, wophatikiza akaidi pafupifupi 23,000 m'maiko 12, anapeza kuti akaidi 4 pa 100 alionse ali ndi matenda osokoneza mutu kwenikweni, aja omva mawu omwe ena sakuwamva, ndipo 10 mpaka 12 pa 100 ali ndi matenda aakulu a kukhumudwa. Titati titenge akaidi 15,000 ndi kugwiritsa ntchito muyeso womwewo, ndiye kuti 600 ali m'gulu loyamba, ndipo 1,500 kapena kuposa ali m'gulu lachiwiri. A khunyu sitinawawerenge, ngakhalenso omwe kachasu ndi chamba zinawaononga, kapena omwe anabadwa ndi nzeru zochepa. Chipatala cha Zomba, chomwe chimalandiranso odwala a dziko lonse, sichingawanyamule. Madokotala akuluakulu a matenda a maganizo m'dziko la anthu oposa 20 miliyoni ndi owerengeka ndi zala. Amene akuganiza kuti yankho ndi kutumiza aliyense ku Zomba sanawerengere.

Tsopano taonani kumene wodwalayo akudikirira. Ndende zathu zimasunga anthu oposa kuwirikiza kawiri chiwerengero chomwe zinamangidwira. Ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba, selo imatsekedwa dzuwa likadalipo n'kudzatsegulidwa m'mawa. Omwe alibe malo a kukhoma amagona chokhala pa shamba, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mzere ndi mzere. M'malo otere, munthu amene sagona usiku wonse, amene akukuwa kuti anzake akufuna kumupha, amene wadzionongera, salandira chifundo kwa nthawi yaitali. Nyapala, mkaidi woyang'anira anzake m'selo, amayesa kumukhazika chete, zikakanika amamenyedwa, ndipo m'mawa nkhani imafika kwa asilikali ngati mlandu wosamvera. Chilango chake ndi kumutsekera payekha, chomwe chimakulitsa matendawo. Malamulo a bungwe la United Nations a kasamalidwe ka akaidi a 2015, otchedwa dzina la Nelson Mandela, amaletsa pa lamulo 45 kutsekera payekha munthu wodwala maganizo ngati kuteroko kuwonjezera vuto lake. Koma msilikali amene akuyang'anira anthu mazana ali yekha, wopanda namwino woti amuitane, mukufuna atani? Ine sindimunena. Tamupatsa wodwala, osamupatsa chogwirira.

Ndalama yoyamba ipite pa masiku atatu oyambirira, chifukwa ndi pomwe anthu amafa ndi zinthu zochizika. Si aliyense wobwebweta m'chitokosi amene ali ndi misala. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku, akasiya mwadzidzidzi chifukwa wamangidwa, tsiku lachiwiri kapena lachitatu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona tizilombo pakhoma, mwinanso kukomoka. Nthawi imeneyi ndi yomweyo ya maola 48 omwe malamulo a dziko amapatsa apolisi asanamutengere kukhoti. Chomwe akufuna ndi diazepam woperekedwa mochepetsa tsiku ndi tsiku, vitamini B1 ndi madzi, ndipo akapanda kuzipeza atha kufa. Wina ndi malungo omwe akwera kumutu. Wina ali ndi HIV, anasiya ma ARV, ndipo matenda oumitsa khosi alowa. Wina shuga watsika. Wina ndi wa khunyu, wangogwa kumene, ndipo kwa maola angapo sadziwa komwe ali. Kwa omwe akhalitsa m'ndende palinso pellagra, matenda obwera chifukwa chodya nsima yokhayokha ndi ndiwo zochepa: khungu limada ndi kuthetheka pakhosi ndi kumanja komwe dzuwa limaomba, m'mimba mumatseguka, kenako mutu umasokonezeka. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid amatha kuikulitsa. Nicotinamide wa 100 mg katatu patsiku kwa milungu itatu kapena inayi amabweza munthu yemwe anzake anamutaya kale kuti wapenga.

Zofunika kuti izi zisiyanitsidwe si zapatali: choyezera kutentha thupi, choyezera magazi kuthamanga, timapepala toyezera malungo ndi shuga, ndi munthu wophunzira amene angakhale ndi womangidwa aliyense watsopano mphindi khumi. Mafunso ake ndi ochepa. Munagonekedwapo chifukwa cha matenda a maganizo? Mumamwa mankhwala anji, ndipo mwamaliza liti? Mowa mwamwa komaliza liti? Mumagwa khunyu? Mwaganizapo zodzipha? Mafomu a mafunso oyezera matenda a maganizo otchedwa PHQ-9 ndi SRQ-20 anamasuliridwa kale m'Chichewa ndipo anayesedwa m'zipatala zathu, sitikuyambira pachabe. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri n'kufunsa mafunsowa pagulu, akaidi ena akumvera, kapena kusiyira mkaidi mnzake kuti ndiye alembe. Palibe mwamuna amene angavomere pamaso pa selo yonse kuti akuganiza zodzimangirira. Kachipinda kokhala ndi chitseko ndi mbali ya bajeti imeneyi.

Yachiwiri ndi mankhwala, ndipo apa pamafunika kulankhula mwatsatanetsatane chifukwa anthu amaganiza kuti ndi okwera mtengo. Omwe amagwira ntchito yaikulu ndi akalekale ndiponso otchipa: chlorpromazine, haloperidol, jakisoni wa fluphenazine, amitriptyline, fluoxetine, carbamazepine, sodium valproate, phenobarbitone. Vuto si mtengo koma kudukiza. Kafukufuku wina wa mu Lancet mu 2012 anaonetsa kuti pa odwala 100 a schizophrenia, matenda okhalitsa osokoneza mutu, omwe anasiyitsidwa mankhwala, 64 anadwalanso pomatha chaka, pomwe mwa omwe anapitiriza anali 27. Mwezi umodzi womwe mankhwala asowa ku kiliniki ya ndende umafafaniza ntchito ya chaka chonse, ndipo wa khunyu akasiya phenobarbitone mwadzidzidzi atha kugwa mosalekeza mpaka kufa.

M'ndende, mankhwala alionse ali ndi msampha wake. Chlorpromazine amachititsa chizungulire munthu akaimirira, amawotcha khungu padzuwa, pomwe akaidi amakhala pabwalo tsiku lonse. Amawonjezeranso njala kwa munthu amene akudya kamodzi patsiku. Ambiri amamusiya pa zifukwa zimenezi, osati chifukwa cha mwano. Haloperidol amatha kuumitsa khosi ndi lilime, maso n'kutembenukira kumwamba, makamaka kwa anyamata, ndipo wodwala zikamuchitikira kamodzi popanda benzhexol womumasula, sadzalolanso kumwa. Koma benzhexol yemweyo amaledzeretsa, ndiye m'selo amasanduka ndalama: amagulitsidwa, amalandidwa. Amitriptyline akasungidwa pansi pa bulangeti kwa milungu iwiri amakwana kupha munthu. N'chifukwa chake mapiritsi otere amayenera kumwedwa pamaso pa namwino, kamodzi patsiku selo isanatsekedwe, osati kupereka a mwezi wonse m'kapepala. Kwa omwe matenda awo ndi okhalitsa, jakisoni ndiye amathandiza: fluphenazine wa 12.5 mg poyesa, kenako 25 mg pa milungu inayi iliyonse, majakisoni 13 pachaka, tsiku lake lolembedwa m'kaundula. Sangagulitsidwe, sangalavulidwe.

Palinso kugundana kwa mankhwala, komwe kumachitika chifukwa makiliniki salankhulana. Carbamazepine amafooketsa dolutegravir, yemwe ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa kuchokera mu 2019, moti wodwala amafunika kuwonjezeredwa dolutegravir wina wa 50 mg madzulo. Zikaiwalika, kachilombo kamayambanso kuchulukana. Rifampicin wa TB amachepetsa mphamvu ya haloperidol, ndiye munthu amene anali bwinobwino amayambanso kumva mawu atangoyamba mankhwala a chifuwa. Sodium valproate sayenera kuperekedwa chisawawa kwa mayi amene angatenge pathupi, chifukwa amaononga mwana m'mimba. Zonsezi zimafuna kuti kabuku ka kuchipatala kakhale kamodzi, kaziyenda ndi mwini wake. Nthawi zambiri kabukuko kamatsala kumudzi tsiku lomangidwa, kapena kamathera m'thumba la katundu ku polisi.

Yachitatu ndi kuyeza kwa khoti, komwe ndayamba nako. M'malo monyamula wodwala kupita naye kwa woyeza, woyeza apite kwa odwala. Tili kale ndi anamwino a matenda a maganizo m'zipatala za maboma, ndiponso madokotala aang'ono omwe anaphunzira ntchitoyi ku koleji ya St John of God ku Mzuzu. Tili kalenso ndi makhoti oyendera ndende, omwe bungwe la PASI, lothandiza omangidwa pa zamalamulo, lakhala likuthandiza kukonza kwa zaka zoposa 20. Kuphatikiza ziwirizi sikufuna lamulo lachilendo: tsiku limodzi pamwezi, dokotala wa m'boma alowe m'ndende ndi mndandanda wa omwe khoti lalamula kuti ayezedwe, aone asanu kapena asanu ndi mmodzi, akambirane ndi dokotala wamkulu pafoni kapena pa vidiyo, lipoti lisainidwe sabata yomweyo. Ku Zomba kapena ku chipatala cha St John of God kuzipita okhawo ovuta, ofunika kuwaonetsetsa usana ndi usiku. Dizilo wa ulendo umodzi wa ku Chitipa uja angayendetse maulendo ambirimbiri a m'boma momwemo.

Lipoti lenilenilo ndi pomwe ntchito imagwera kawirikawiri. Khoti limafunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba: lero lino, munthuyu akumvetsa mlandu womwe akuimbidwa, angathe kuvomera kapena kukana akudziwa tanthauzo lake, angathe kuuza loya wake mbali yake? Lachiwiri, la gawo 12 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake: tsiku lomwe anachita chinthucho, matenda anamulepheretsa kudziwa chomwe akuchita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita? Lipoti longoti "ali ndi schizophrenia, akulandira mankhwala" siliyankha funso lililonse mwa awiriwa, ndipo woweruza amakakamizika kulamula kuti ayezedwenso. Funso loyamba limayankhika pokhala naye pansi. Lachiwiri siliyankhika popanda kumva kwa omwe anamuona masiku amenewo: mayi ake, mkazi wake, amfumu, wapolisi amene anamugwira, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Pamenepa pafunika ndalama ya foni ndi ya njinga yamoto, ndipo ndi ndalama yomwe siilembedwa m'bajeti iliyonse. Pamene Bwalo Lalikulu linayamba mu 2015 kuunikanso zilango za omwe anagamulidwa kuphedwa, kutsatira chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni cha 2007, chomwe chinathetsa lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa, anthu anapita m'midzi kukafunsa mbiri zoterezi, ndipo m'milandu ingapo zinadziwika kuti munthu anali wodwala maganizo kapena wa nzeru zochepa kuyambira kale, popanda amene anafunsapo pa mlandu woyamba. Ena anali atakhala m'ndende zaka zoposa khumi.

Ndikudziwa chomwe owerenga ambiri akunena mumtima. Mayi wosalakwa ku chipatala chaching'ono cha kumudzi wauzidwa kuti mankhwala a mwana wake wa khunyu atha, akagule ku famase. Ndiye boma liyambe ndi amene anatema mnzake ndi chikwanje? Funsoli ndi lolemera ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Gawo la matenda a maganizo limalandira pafupifupi tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya bajeti ya zaumoyo, ndipo yambiri imathera ku Zomba. Koma taonani bwino. Anthu awiriwa nthawi zambiri ndi munthu mmodzi pa nthawi ziwiri zosiyana: mwana amene mankhwala ake anatha chaka chatha ndiye wagwidwa chaka chino atatentha nyumba. Chachiwiri, mayi uja ali ndi miyendo, atha kupita kwina, atha kugulitsa nkhuku. Mkaidi tamulanda njira zonsezo, n'chifukwa chake gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa alandire chakudya chokwanira ndi thandizo la chipatala pa ndalama za boma. Pa mlandu wa Gable Masangano mu 2009, khoti linanena poyera kuti kusowa ndalama si chifukwa chophwanyira ufulu wa akaidi, ndipo linapereka miyezi 18 kuti kuthithikana kuchepetsedwe ndi theka. Miyezi 18 ija inatha kalekale. Chachitatu, ambiri mwa omwe tikuwanenawa sanagamulidwe n'komwe, ndipo milandu yawo ndi yaing'ono: kuswa galasi, kutukwana pamsika, kuba chinangwa, kuyenda usiku. Mpaka mu 2017, pamene mlandu wa Mayeso Gwanda unathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code, munthu ankatha kutoledwa chifukwa chongopezeka pamalo pomwe wapolisi wamukayikira, ndipo odwala oyendayenda m'misewu anali osavuta kutola.

Ndipo ndalamazo tikulipira kale, kungoti tikulipira mopanda phindu. Tsiku lililonse lomwe wodwala akhala pa rimandi kudikira lipoti, boma limamudyetsa, limamulondera, limamunyamula kupita kukhoti kukangomva kuti mlandu wasunthidwa. Akatuluka osachira n'kukapalamulanso, timayambiranso: wapolisi, woimira boma, loya wa Legal Aid Bureau, woweruza. Wovulala wachiwiriyo, amene nthawi zambiri ndi wachibale wa m'nyumba momwemo, sawerengedwa m'buku lililonse la ndalama.

Ena amati akaidi adzayamba kunamizira misala kuti athawe chilango. Alipo oyesa, koma si ambiri, ndipo sachedwa kugwidwa. Wonamizira amachita zoonetsera pamene akumuona, n'kumadya ndi kugona bwino akaona kuti palibe akumuyang'ana. Amaiwala dzina lake lomwe, chinthu chomwe odwala enieni kawirikawiri saiwala. Ambiri odwaladi amabisa. Komanso anthu sadziwa kuti kupezeka wosalakwa chifukwa cha misala sikupita kumudzi ayi. Khoti limalamula kuti asungidwe kuchipatala, popanda tsiku lotulukira, ndipo wina atha kukhalako nthawi yaitali kuposa chilango chomwe akanalandira. Loya wodziwa ntchito yake amaganiza kawiri asanatenge njira imeneyi pa mlandu waung'ono.

Chifukwa chiyani ndikuti ndalamazi zikhale ku Unduna wa Zaumoyo? Chifukwa mkulu wa ndende akapatsidwa thumba limodzi la chakudya, nkhuni, madzi ndi mankhwala, ufa ukatha adzagula ufa, ndipo aliyense wa ife akanachita chimodzimodzi. Chifukwanso namwino wolembedwa ndi andende amayankha kwa bwana wa chitetezo, pomwe wolembedwa ndi achipatala atha kukana kuti wodwala atsekeredwe payekha popanda kuopa za ntchito yake. Ku England anasamutsa udindo wa zaumoyo m'ndende kuchoka ku nthambi ya ndende kupita ku zaumoyo pakati pa 2003 ndi 2006 pa zifukwa zonga zomwezi. Ife sitifunika kutengera zonse za kumeneko. Chofunika ndi mzere wa bajeti womwe khonsolo ya boma lililonse lokhala ndi ndende ilandire molingana ndi chiwerengero cha akaidi, wa zinthu zinayi ndatchula zija, womwe sungasamutsidwire ku ntchito ina popanda chilolezo cholembedwa. Oda ya mankhwala ku Central Medical Stores Trust izidutsa ku famase ya chipatala cha boma, ndipo ku ndende kuzikhala osungira a miyezi iwiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala onse ogula kunja anakwera nthawi yomweyo. Mzere wolembedwa m'makwacha osaunikidwanso pakati pa chaka umasanduka pepala chabe.

Mzere wa bajeti nawonso utha kukhalapo koma osalandira kanthu, zimenezi timazidziwa. Mlonda wake alipo kale. Bungwe loyendera ndende la Inspectorate of Prisons, lomwe limatsogozedwa ndi jaji ndipo limapereka malipoti ku Nyumba ya Malamulo, lingamafunse manambala anayi pa ndende iliyonse: angati anayezedwa polowa, angati akudikira lipoti la khoti ndipo adikira masiku angati, masiku angati omwe mankhwala anasowa, angati anatuluka ndi kalata ya chipatala. Aphungu a komiti ya zaumoyo akhale ndi manambalawa m'manja pokambirana bajeti, chaka cha boma chisanayambe pa 1 Epulo. Abwenzi akunja angathandize pa maphunziro ndi zipangizo, koma mankhwala a tsiku ndi tsiku asadalire iwo. Ntchito ya HIV ndi TB m'ndende yaonetsa kuti kuyeza polowa ndi kupereka mankhwala mosadukiza n'zotheka. Kuimitsidwa kwa thandizo la America kumayambiriro kwa 2025 kunaonetsanso zomwe zimachitika mwini thumba akasintha maganizo.

Za nyumba ndinene mwachidule. Wodi yotetezedwa bwino ya odwala ochepa omwe ndi oopsadi ikufunika, ndipo ina kumpoto kapena pakati ingachepetse maulendo. Koma chipatala chachikulu chatsopano chimakoma pa tsiku lodula riboni, kenako chimafuna anamwino omwe tilibe, ndipo chimadzaza ndi anthu osatuluka. Kutsekanso mabedi pofuna kupulumutsa ndalama ndi ngozi ina: ku Gauteng, ku South Africa, mu 2016 boma linachotsa odwala m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwamwaza m'mabungwe osakonzeka, ndipo anthu 144 anafa. Kusamalira wodwala kumudzi ndi kotchipa, koma si kwaulere.

Pomwe zonse zimathera ndi pachipata. Mkaidi amene wakhala bwino zaka ziwiri pa jakisoni amatulutsidwa m'mawa, nthawi zina mwadzidzidzi chifukwa cha chikhululukiro cha pa tsiku la chikondwerero kapena belo yomwe yabwera mosayembekezera, ndipo a ku kiliniki amamva atapita kale. Kumudzi akumudikira ndi mantha, mwina ndi mkwiyo; ena amati analodzedwa, ndiye ulendo woyamba ndi wa kwa sing'anga kapena kumapemphero, komwe amauzidwa kuti ataye mapiritsi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu tulo timasowa, mawu aja amabwerera. Kuti izi zisachitike, ofesi yolemba otuluka isatsegule chipata kwa aliyense amene ali m'kaundula wa kiliniki namwino asanasaine. Atuluke ndi mapiritsi a masiku 30, kapena a masiku 14 okha ngati ndi amitriptyline ndipo anayesapo kudzipha. M'kabuku mwake mulembedwe dzina la matenda, mankhwala, mlingo, ndi tsiku lenileni la jakisoni wotsatira. Namwino aimbire foni mnzake wa chipatala cha boma la kwawo, ameneyo auze mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ndipo wachibale mmodzi, wotchulidwa dzina, afotokozeredwe zizindikiro zoyamba: kusagona, kudzipatula, kukayikira chakudya. Pa milandu yomwe inavulaza munthu, wa zachisamaliro cha anthu akhale pansi ndi amfumu ndi banja lolakwiridwa mwini wake asanafike. Khoti nalo lili ndi mphamvu, pa gawo 339 la lamulo la kazengedwe ka milandu, yoimika chilango n'kuika mfundo zoti munthu atsate, ndipo kupita ku kiliniki mwezi ndi mwezi itha kukhala imodzi mwa mfundozo, bola kilinikiyo ikhale ndi mankhwala tsiku lomwe wafika. Akapanda kubwera pa tsiku la jakisoni, pasathe sabata mlangizi asanakwere njinga kukamuona.